Nkhope ya a Philip pa Khadi la Imfa

Ndipepese kaye chifukwa cholimba mtima kulemba. Ine si wolemba nkhani. Ntchito yanga ndi ya mu labu pa sukulu ina ya sekondale, kutsuka mabotolo ndi kuonetsetsa kuti ana asalawe asidi, ndipo zomwe ndimalemba kumeneko ndi timapepala tomata pa mabotolowo. Ndiye pena pakakhota mundikhululukire. Pomwe sindinaone ndi maso anga ndizinena kuti sindinaone.

Munthu amene ndikufuna kumufotokoza ndi alamu anga, a Justus, amene anakwatira achemwali anga a Jenny. Amakhala ku Lirangwe, kuseri kwa msika, nyumba ya chitseko cha mitundumitundu. Chitsekocho sanachikongoletse dala. Ndi pomwe amapukutira burashi.

Anabadwira kwa Chigaru. Sukulu anasiyira panjira atajambula aphunzitsi awo pa bolodi. Kalasi yonse inawazindikira aphunzitsiwo, ndipo vuto linali loti eni ake nawonso anadzizindikira. Atachoka pamenepo anapita ku Ndirande kukanyamula zitini za penti za bambo wina wolemba masaini, a Aziz, ndipo ntchito anaiphunzirira kumeneko. Kenako anabwera kwathu kuno kudzakhala chikamwini, ndipo kuyambira nthawi imeneyo makoma a pa Lirangwe akhala m'manja mwawo: babashopu, butchala, tiyirumu, mawu a kumbuyo kwa minibasi, ngakhale timawu ta pa mpando wa kabaza.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa pa kagwiridwe kawo ka ntchito. A Justus nkhope sapeka. Amati mutu wawo ulibe nkhope zosungira, ndiye iliyonse yomwe ajambula amaitenga kwa munthu wamoyo amene amuona. Mitu yonse ya pa bolodi la babashopu ili ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo amameta pomwepo. Mbuzi ya pa khoma la butchala inali ya a Abdu, ndipo inaphedwa penti isanaume. Bambo wogwira pamimba amene ali pa sitolo ya mankhwala ndi munthu wodziwika, sindimutchula, koma mpaka lero anthu akamupatsa moni amamufunsa ngati kwasiya. Chilolezo a Justus sapempha. Amangokuyang'ana phee, diso limodzi atatsinzina pang'ono, ndipo pakatha sabata umadzipeza uli pa khoma ukumwa tiyi.

Ntchito inayamba kuchepa atabwera mabanala osindikiza ku Blantyre, aja a nkhope za anthu akunja oseka mano onse. A Justus sanadandaule kwambiri. Anabwerera kumunda, n'kumalemba mayina pa ziliza wina akawaitana. Achemwali ndi amene ankadandaula, chifukwa munthu ankangokhala pakhonde n'kumawayang'ana diso limodzi atatsinzina.

Chaka chatha kunabwera a Caroline, mtsikana wa ku Chileka amene amagwira ntchito za makompyuta m'tauni. Tayala la galimoto yawo linaphulika pafupi ndi msika, ndipo podikira kuti alimate anaona bolodi la babashopu lija n'kufunsa za mwini dzanja, ndipo anthu anawalozera kwa a Justus. Ine panalibe, izi anandiuza achemwali.

"Muli bwanji, bambo? Ndinu amene munajambula mitu ija?"

"Ngati mwini mutu wadandaula, ine ndachokapo."

"Ayi, palibe wadandaula. Ndikufuna mundijambulire makhadi."

"A ukwati?"

"A masewera."

"Juga sindijambula, mayi. Akazi anga ndi a Mvano."

Sanali a juga. A Caroline ndi anzawo amakumana Loweruka lililonse n'kumasewera masewera ena ake a nthano. Aliyense ali ndi munthu wake wongopeka amene amamuyendetsa: wina msilikali, wina wakuba, wina mkazi wa makutu aatali woponya mivi. Patsogolo pake ndinapita ndekha kukaona kuti ndisalembe zabodza. Ndinapeza anthu akuluakulu, a madigiri awo, atazungulira tebulo, akuponya madayisi a mbali zambirimbiri. Mmodzi anati, "Mwalowa m'phanga, mukumva fungo la chikumba chowola, mutani?" Wina anayankha ndi mawu amene sanali ake. Ndinayang'ana mabotolo onse, munalibe mowa. Patebulo panalibenso ndalama.

Makhadi omwe ankafuna amatchedwa taroti. Lililonse lili ndi dzina lake pansi, monga Nyenyezi, Chilungamo, Chitsiru, Imfa, ndipo a Caroline ankafuna kuti pa khadi lililonse pakhale mmodzi wa anthu a m'masewera awo aja. Ndinafufuza pa foni ndipo ndinapeza kuti kumayiko ena anthu amaombezera makhadi amenewa. A Caroline anati iwo azingosolola limodzi kuti liwauze chochitika chotsatira m'nthano, basi. Ine ndinawakhulupirira. Chomwe sindinakhulupirire ndi choti Lirangwe iwakhulupirira.

A Justus zimenezo analibe nazo ntchito. Anadula katoni yolimba tizidutswa tokula ngati chikhatho, n'kupaka andakoti, penti yoyera yoyambira ija, n'kusenga burashi ndi lumo mpaka kutsala titsitsi towerengeka. Munthu wozolowera khoma lonse anayamba kugwira ntchito mphuno ili pafupi kukhudza tebulo. Mkazi wa mivi uja anatenga nkhope ya mayi wogulitsa tomato. Kamunthu kakafupi ka nkhwangwa ndi ndevu zofika pamchombo kanatenga nkhope ya a Golden a kabaza, amene pachibwano pawo sipanamerepo kanthu chibadwire. A Golden ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaona ndevu zawo.

Nthawi yomweyo, Duwa, mwana woyamba wa a Justus ndi achemwali, anapeza mnyamata. Dzina lake Lumbani, wa kwa Kuntaja ku Chileka, wokonza mafiriji, waulemu wake. Ine monga malume ndinakhala nkhoswe ya kuchikazi. Nkhoswe ya kuchimuna inali amalume ake a Lumbani, a Philip, mkulu wa mpingo amene anapuma pa ntchito ya m'boma. A Philip amavala jekete la bulauni la mabolopeni m'thumba ngakhale mu Okutobala. Anabwera kudzakambirana za chinkhoswe, tinakhala pakhonde masana onse, ndipo sanaseke ngakhale kamodzi, ngakhale pomwe nkhuku inalowa mu nsapato yawo yomwe anavula. Tinagwirizana tsiku. A Justus anakhala pambali, diso limodzi atatsinzina. Ine ndinkaganiza kuti ndi dzuwa.

Patapita masiku ndinadutsa kukawazonda ndipo ndinapeza khadi latsopano pa tebulo. Panali msilikali wakale wouka kwa akufa, atakwera ng'azi yaikulu ngati ng'ombe, chikwakwa chili m'manja. Pansi pa malaya ake achitsulo pankatuluka kolala ya jekete la bulauni, ndi mitu ya mabolopeni.

"Alamu, uyu ndani?"

"Imfa. Zalembedwa pansipo. Sukulu yonse ija munapita kukatani?"

"Ndikunena nkhopeyi."

"Yakhala bwino, eti? Ndinaisaka msika wonse osaipeza. Anthu a kuno amaseka kwambiri. Ndiye yangobwera yokha, mpaka pakhonde."

"Awa ndi ankhoswe a Lumbani. Akuluampingo."

"Makutu ndawachepetsa. Ndawachitira ulemu."

Ndinawafotokozera mwatsatanetsatane zomwe ndinaona pa foni, ndi zomwe anthu anganene atamva kuti bambo a mkwatibwi ajambula ankhoswe a kuchimuna pa khadi loombezera, pansi pake n'kulemba Imfa. Sanaoneke kuti akumva. Amene anawagonjetsa ndi achemwali, atatuluka kukhitchini manja ali ndi ufa.

"Bambo a Duwa, mwana wanu akufuna banja. Inu mukufuna ng'azi. Sankhani."

Anatenga burashi, n'kuviika mu andakoti, n'kupaka pankhope pa msilikaliyo mpaka payera. Jekete anasiya.

"Ndafafaniza. Koma nkhope ina ndilibe. Akhala choncho mpaka ipezeke."

Anakaliyanika khadilo padenga la khola la nkhunda, ndipo ine ndinapita kwathu mtima uli m'malo.

Chomwe sitinadziwe ndi choti a Golden anali ataliona kale khadilo. Tsiku la msika ananyamula mayi wina wa kwa Kuntaja amene anabwera kudzagula nandolo, ndipo pakabaza nkhani sizisowa. Uthenga unafika kwa a Philip woti ku Lirangwe awajambula atakwera chilombo ngati mfumu ya nkhondo. Zikuoneka kuti sanakwiye. Anapukutitsa nsapato, n'kukwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kukweranso ina, kuti akadzione. Ine ndinali kuntchito, ndiye zotsatirazi ndi za achemwali, amene anali ataima pomwepo ndi chikho cha thobwa.

A Philip analinyamula khadilo n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Jekete ili ndi langa."

"Ndi lanu," anatero a Justus.

"Mabolopeninso ndi anga. Nanga mutu uli kuti?"

"Ndachotsa."

"Chifukwa?"

"Alamu anga anati musaone."

A Philip anawerenga mawu a pansi aja, n'kulibwezera khadilo padenga la khola bwinobwino, n'kutsanzika. Thobwa sanalawe.

Pofika Lamulungu tsaya lawo lakumanja linali litatupa moti diso linkachita kusuzumira. Anthu anawaona kutchalitchi. Lolemba uthenga unandipeza: za chinkhoswe ziyambe zaima. Ku Chileka kunkamveka zoti Lumbani akulowa m'banja lochotsa anthu mitu. Ku Lirangwe mayi wa tomato anabwera kudzafunsa ngati nkhope yake ilipobe, ndipo a Golden anasiya kubwera kudzaona ndevu. Kunyumba zitenje za yunifolomu zinali zitasokedwa kale, ndipo thadzi lokapereka kuchimuna linali likunenepa m'khola lapadera.

Duwa sanalire. Anabwera pa geti la sukulu nthawi yopuma, n'kundiitanitsa.

"Amalume, nkhoswe ndinu, eti?"

"Ndine."

"Chabwino. Ndimangofuna nditsimikize."

Anatembenuka n'kumapita. Akananditukwana zikanakhala bwinoko.

Loweruka tinanyamuka, ine ndi a Justus. Ndinapempha a Caroline kuti akatipeze kumeneko n'cholinga choti akafotokoze ndi pakamwa pawo kuti makhadiwo ndi a chiyani. Njira yonse ndinkakonza mawu opepesa m'mutu, kuchotsa awa, kuika awa. A Justus ananyamula jumbo ya tizitini ta penti n'kugona mpaka pa Kameza.

Tinawapeza a Philip atakhala pansi pa mtengo wa mango, atamanga mpango kuzungulira chibwano, jekete ali nalo. Pambali pawo panali akazi awo, mayi ofatsa amene ankathira tiyi, ndi alongo awo, mayi ake a Lumbani, amene moni wathu anauyankha akuyang'ana nkhuku. Ndinagwada pang'ono n'kuyamba. Ndinali ndisanamalize kuthokoza Mulungu potiyendetsa bwino pomwe ndege inadutsa pamwamba, ndiye ndinadikira. Itapita ndinayambiranso poyamba.

"Ankhoswe anzanga," anandidula a Philip, mawu akutulukira mbali imodzi, "mawu ambiri akundipweteka tsaya. Ine imfa ndailalikira pamaliro zaka zambiri, sindiyiopa. Chomwe sindifuna ndi kuchotsedwa mutu anthu osandiuza. Nkhope yanga ibwerere pomwe inali. Ikabwerera, tikamba za ana."

Ndinapuma. Ndinaona ngati zatha. A Justus anatulutsa khadi, n'kuwapempha a Philip kuti amasule mpango. Anawayang'ana phee.

"Iyi si ija."

"Mukuti bwanji?"

"Ija inali yaitali. Iyi ndi ya munthu amene wabisa bango mkamwa. Ine ndimajambula zomwe ndikuona. Ndikajambula lero mukhala choncho mpaka kalekale."

"Mwamva?" anakuwa mayi ake a Lumbani. "Akuopseza tili pompano! Achimwene, ndinakuuzani ine, anthu awa!"

"Akutanthauza pa khadi, mayi," ndinatero.

"Inu khalani chete, ndinu amene munalamula kuti adule mutu."

Akazi a a Philip anaika kapu pansi. "Dzino limenelo lakhala likuvuta kuyambira nthawi yokolola. Amaopa kuzula."

"Mayi, nkhani ya dzino ndi ina," anatero a Philip.

Ndiye zinthu zinaima motere. A Philip ankati tsaya siliphwa mpaka nkhope ibwerere pa khadi. A Justus ankati nkhope sibwerera pa khadi mpaka tsaya liphwe. Onse awiri ankalankhula modekha, mwaulemu, akutchulana kuti bambo. Ndinapereka maganizo oti mwina agwiritse ntchito chithunzi chakale cha pa khoma la pabalaza, koma a Justus anati wa pachithunzicho ndi mnyamata wina wa tsitsi lambiri amene iwo sakumudziwa. Ndinati mwina ajambule mongokumbukira. Anandiyang'ana ngati ndawapempha kuti akabe.

A Caroline anafika mkati mwa zimenezi, n'kufotokoza za masewera awo momveka bwino, mpaka kutulutsa madayisi m'chikwama. Mayi ake a Lumbani atangoona tinthu ta mbali zambiri tija anasuntha mkeka wawo.

Tinakhala. Tiyi anazizira. Ndege ina inadutsa. Kenako a Justus anadzuka kupita kuseri kukataya madzi, ndipo pobwerera anadzera mbali ina ya mtengo. Anaima.

"Musatembenuke, bambo. Khalani choncho. Yang'anani kukhola la mbuziko."

Kumanzere nkhope inali yomwe ija, yaitali, yosaseka. Anakoka mpando, n'kuika khadi pabondo, n'kuyamba kusakaniza penti pa chivindikiro cha chitini. Msilikali uja poyamba ankayang'ana kutsogolo. Tsopano anayenera kuyang'ana cham'mbali, ndiye khosi analikonzanso. A Philip anakhala osagwedezeka ngati akuwajambula cha pa chiphaso. Patapita nthawi anayamba kulankhula osasuntha mutu.

"Mayi inu a makompyuta. Munthu ameneyu, m'masewera mwanumo, amapemphera?"

"Sitinaganizepo, bambo. Ndi wa mnzathu Jamal. Ndikamufunsa."

"Amagonja?"

"Palibe amene anamugonjetsapo."

A Philip anapitiriza: "Ng'aziyo ichoke. Mkulu wa mpingo sangakwere ng'azi."

"Ng'azi ndi ya kasitomala," anatero a Justus. "Musayendetse pakamwa."

"Ndiye mumuveke tayi."

A Justus anayang'ana a Caroline, a Caroline anagwedeza mutu, ndipo pamwamba pa malaya achitsulo panabwera tayi yofiira. Atamaliza, a Philip analitenga khadilo m'mbalimbali kuti asagwire penti, n'kuliyang'ana, n'kuwaonetsa akazi awo.

"Makutu mwawachepetsa," anatero mayiwo.

"Ali bwino choncho," anatero a Philip. "Ankhoswe, tsiku ndi lomwe lija."

Popeza galimoto inalipo kale pakhomo, a Caroline ndi akazi a a Philip anawakweza bambowo n'kupita nawo kuchipatala tsiku lomwelo, asanapeze chifukwa chokanira. Dzino linazulidwa. Pofika pakati pa sabata tsaya linali litaphwa. Kwa Kuntaja alipo amene amati linaphwa chifukwa cha khadi, ndipo alipo amene amati chifukwa cha dzino. Ine monga munthu wa mu labu ndili ndi maganizo anga, koma palibe wandifunsa.

Chinkhoswe chinachitika. Ndinapereka thadzi, ndinalandira tambala, Duwa anavina mpaka kuvula nsapato. A Philip polankhula anatchula a Justus kuti ndi munthu waluso koma wofunika kumupempherera. A Golden abwereranso kudzaona ndevu zawo, ndipo ndamva kuti ku Chileka msilikali wa tayi uja wayamba kupemphera asanamenye nkhondo, chifukwa Jamal anaona kuti n'zoyenera. A Justus sanasinthe kalikonse. Anagula magalasi a pamsika kuti aziona tinthu tating'ono, ndipo akupitiriza ndi makhadi otsala.

Ukwati wa kutchalitchi ndi mwezi wamawa. Dzulo ndinadutsa kwa achemwali kukakambirana za mpunga wa paphwando, ndipo patebulo ndinapeza khadi lina likuuma. Pansi palembedwa Mdyerekezi. Ndi mkazi wa nyanga za mbuzi ndi mchira wautali, unyolo uli m'manja, ataima pakhomo la phanga. Nkhope yake ndi ya mayi ake a Lumbani.

"Alamu," ndinatero.

"Nsidze zimenezo simungazipeze kwina. Ndafufuza."

Ndinakhala pansi. Achemwali anali kuseri akutsuka mbale, sanalione. Ndinaganiza zambiri, zina zoti khadilo likhoza kugwera mwangozi m'chitsime. Koma mayiwa ndi amene Duwa azikawatchula apongozi moyo wake wonse, ndipo a Golden anali atadutsa kale m'mawa. Ndawapempha a Justus kuti asakhudze kalikonse, ngakhale nyanga. Ndapempha tchuthi cha mawa kuntchito. Ndilikulunga khadilo mu nyuzipepala, ndikwera minibasi yoyamba, ndipo ndikawaonetsa mayiwo ndekha, m'manja mwawo, ndisanakonze mawu alionse. Akafuna kukuwa akandikuwire ine pamaso, kenako akanene okha chomwe akufuna chichitike ndi nkhope yawo.